Tiyi wokhomeredwa loko: mbiri ya tibokosi ta masamba ku England

Kabokosi kameneka sikakulu. M'litali mwake kamakwana masentimita 25 kapena 30, ndipo munthu amakanyamula ndi dzanja limodzi pogwira kachitsulo kamkuwa kamene kali pachivundikiro. Thabwa lake ndi la mahogany, mtengo wa kuzilumba za Caribbean womwe ndi pachibale ndi mbawa yathuyi, ndipo linada mofiirira chifukwa cha zaka ndi manja amene akhala akulipukuta. Mukatsegula mumapeza zipinda ziwiri, chilichonse ndi kachivundikiro kake, ndipo pakati pa zipindazo pali bowo lozungulira momwe mumakhala kambale kagalasi. M'kati mwa zipindamo anamatamo kachitsulo kopyapyala, kotuwa, kosakaniza mtovu ndi tini, kuti chinyezi ndi fungo la thabwa zisalowerere masamba. Chipinda china chinali cha tiyi wobiriwira, china cha wakuda. Za kambaleko akatswiri sagwirizana: ena amati kanali ka shuga, ena amati mayi ankasakaniziramo masamba a mitundu iwiriyo alendo akuona. Angerezi amakatcha tea caddy, ndipo kutsogolo kwake, pakatikati, pali bowo la kiyi.

Nkhani yonse yagona pa bowo la kiyilo. Amene anakulira m'nyumba momwe shuga ankakhala m'kabati yokiya, kiyi ali womangirira pansonga ya chitenje cha amayi, sangavutike kumvetsa chimene chinkachitika. Kusiyana kwake n'kwakuti ku England wa zaka za m'ma 1700 okiyiridwawo anali antchito a m'nyumba, ndipo lokoyo anamuzunguliza ndi zokongoletsa mpaka kukayikira anthu kunasanduka chinthu choonetsera alendo monyadira. Lero kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti atolere tibokosi timeneti, ngakhale m'kati mulibe tsamba n'limodzi lomwe.

Tiyi anafika ku Ulaya ndi zombo za Adatchi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ndipo ku London anayamba kugulitsidwa m'nyumba zomweramo khofi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1650. Wamalonda wina, Thomas Garway, ankamutsatsa ngati mankhwala ochiza matenda ambirimbiri. Mu September 1660, Samuel Pepys, mkulu wa mu ofesi yoyang'anira zombo zankhondo, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti waitanitsa kapu ya chakumwa cha ku China chimene anali asanalawepo. Patatha zaka ziwiri mfumu Charles II anakwatira Catherine wa ku Braganza, mwana wa mfumu ya Portugal, yemwe ankamwa kale tiyi kwawo, ndipo amayi a kunyumba yachifumu anatengera pomwepo. Kuchepa kwa tiyi nthawi imeneyo kumaoneka pa mphatso imene kampani ya East India Company inapereka kwa mfumuyo mu 1664: masamba olemera mapaundi awiri ndi pang'ono, pafupifupi kilogalamu imodzi. Kampani yaikulu chotero inaona kuti imeneyo ndi mphatso yoyenera mfumu.

Zosungira zoyambirira sizinali zamatabwa. Zinali timitsuko tadothi la ku China, toyera ndi maluwa abuluu, tomwe tinkabwera m'zombo zomwezo zonyamula tiyi. Kachivundikiro kake n'kamene ankayezera masamba. Amisiri a siliva a ku London anayamba kusula zofanana nazo, kenaka anaona kuti zitini zasiliva ziwiri kapena zitatu zimafunika bokosi loziikamo, ndipo bokosilo limafunika loko. Pamene Thomas Chippendale ankatulutsa buku lake la mapulani a mipando mu 1754, anaikamo ndi zithunzi za mabokosi a tiyi, kusonyeza kuti makasitomala ake olemera ankawaona ngati mipando ya m'nyumba, osati ziwiya za kukhitchini. Kukhitchini ndiko kumene bokosilo silinkapondako. Linkakhala kuchipinda chochezera. Wantchito ankabweretsa ketulo ya madzi owira, makapu ndi mkaka, kenaka n'kuima pambali. Mayi a nyumba ankatulutsa kiyi, n'kutsegula, n'kutunga masamba ndi dzanja lawo, n'kukiyanso.

Chinakweza mtengo chotero n'chiyani? Mtunda unali mbali imodzi chabe. Tiyi yense ankachokera ku China, ndipo kuyambira mu 1757 boma la China linalola Azungu kuchita malonda padoko limodzi lokha la Canton, lomwe lero ndi Guangzhou. Masamba akuda otchedwa Bohea ankachokera kumapiri a Wuyi m'chigawo cha Fujian, n'kuyenda masabata ambiri pamapewa a anthu ndi m'mabwato asanafike padoko, kenaka miyezi yambiri panyanja kuzungulira kumwera kwa Africa. Kampani imodzi yokha, East India Company, ndiyo inali ndi chilolezo chobweretsa tiyi ku Britain, ndiye inalibe wopikisana nayo. Pamwamba pa zonsezi panali boma. Nkhondo iliyonse imene Britain inkamenya inkabwera ndi msonkho watsopano pa tiyi, mpaka pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1780 msonkhowo unafika pa 119 peresenti. Boma linkadya zambiri kuposa mtengo wa katundu yemweyo.

Msonkho ukafika pamenepo, ozembetsa katundu amaseka. Zombo za Adatchi, Afalansa, Aswidishi ndi Adenishi zinkagula tiyi ku Canton wochuluka kuposa amene anthu a kwawo akanamwa, podziwa bwino kumene wotsalayo akathere. Usiku mabwato ankakocheza m'magombe a Kent, Sussex, Dorset ndi Scotland, ndipo magulu a amuna onyamula zida ankatenga matumba pa akavalo kulowa nawo kumtunda. Sanali anthu oseweretsa. Gulu lina la ku Hawkhurst linathyola nyumba ya msonkho ya ku Poole mu 1747 kukatenganso tiyi amene boma linawalanda, ndipo pambuyo pake anzawo anapha mwankhanza anthu awiri amene akanatha kuwaulula. Komabe mabanja olemekezeka ankagula tiyi wozembetsayo popanda kufunsa kumene wachokera, ndipo ena mwa mabokosi okongola amene lero ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale anasungapo katundu wosalipira msonkho.

Kunalinso tiyi wachinyengo. Richard Twining, mdzukulu wa Thomas Twining amene anatsegula malonda a banjali pamsewu wa Strand mu 1706, analemba za mudzi wina pafupi ndi London kumene anthu ankathyola masamba a mtengo wa ash, n'kuwayanika, n'kuwaponda, n'kuwaviika m'madzi osakaniza ndi mankhwala achitsulo ndi ndowe za nkhosa kuti ade, kenaka n'kugulitsa kwa eni mashopu kuti asakanize ndi tiyi weniweni. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo oletsa zimenezi kangapo konse, koma phindu linali lalikulu kuposa chindapusa. M'nyumba za olemera, masamba amene afulidwa kale ankapita kwa wophika kapena wantchito wamkazi ngati gawo lake, ndipo iye ankawagulitsa pakhomo lakuseri kwa anthu owayanikanso. Motero tsamba limodzi linkamwedwa kawiri kapena katatu, kutsika kuchoka kwa bwana kufika kwa mmphawi. Ndipo panali ena amene ankaipidwa ngakhale ndi madzi otuwa amenewo: mu 1757 Jonas Hanway anadandaula m'kabuku kake kuti antchito ndi opemphetsa ayamba kumwa tiyi, zomwe ankaona ngati chiyambi cha kuwonongeka kwa dziko. Wolemba mabuku Samuel Johnson, yemwe ketulo yake sinkazizira, anamuyankha momunyoza.

Zinthu zinatembenuka mu 1784. Nduna yaikulu William Pitt wamng'ono, ali ndi zaka 25 zokha, anamvera malangizo a Richard Twining ndi amalonda anzake, n'kutsitsa msonkho wa tiyi kuchoka pa 119 kufika pa 12.5 peresenti. Ndalama zimene boma linataya anazibweza pokweza msonkho wa mawindo a nyumba. Ozembetsa anasowa phindu pafupifupi nthawi yomweyo, ndipo tiyi wogulitsidwa movomerezeka anachuluka kuposa kawiri m'chaka chimodzi.

Munthu angaganize kuti masamba atatsika mtengo loko anatha ntchito. Zinachitika ndi zosiyana, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti nkhani yofala ija, yakuti ankakiya chifukwa tiyi anali wodula, ndi yoona koma yosakwanira. Tibokosi tambiri tokongola timene otolera amalimbirana lero tinapangidwa pambuyo pa 1784, kuyambira chaka chimenecho kufika cha m'ma 1840. Mabanja a eni mashopu, maloya, madokotala ndi alimi opeza bwino, amene tsopano ankatha kugula tiyi mwezi ndi mwezi, sankafuna chakumwa chokha. Ankafuna mwambo wonse umene ankauona kwa olemera, ndi kiyi yemwe. Kukhala ndi kabokosi kokiya kunkanena zinthu ziwiri kwa mlendo: kuti m'nyumba muno muli cha mtengo wapatali, ndiponso kuti muli wantchito woti n'kumukiyira. Buku la mapulani a mipando la George Hepplewhite la 1788 linaonetsa tibokosi ting'onoting'ono ta chipinda chimodzi kapena ziwiri, topepuka, tina tozungulira motalika, ndipo amisiri m'dziko lonse anatengera.

Apa luso la amisiri linaphulika. Thupi la kabokosi kawirikawiri linali la thabwa wamba la paini, ndipo kukongola konse kunali m'timatabwa topyapyala tomata pamwamba. Mmisiri ankacheka ndi sowo kathabwa kachikasu ka satinwood, n'kukamata, kenaka n'kusema pakati pake malo oikamo chithunzi cha chigoba cha nkhono kapena duwa chopangidwa ndi tizidutswa ta mitengo ina. Kuti chigobacho chioneke ngati chili ndi mthunzi, ankaviika m'mphepete mwa kachidutswa kalikonse mumchenga wotentha kwa kamphindi, kuti kapserere pang'ono mbali imodzi. Utoto sankaugwiritsa ntchito pamenepo. Ukayang'anitsitsa chigoba chotere umaona kuti kudako kumayamba mwamphamvu m'mphepete n'kumazilala kulowa m'kati, zomwe burashi singathe kutsanzira bwinobwino.

Mzinda uliwonse unali ndi luso lake. Ku Birmingham, Henry Clay analandira chilolezo mu 1772 cha njira yomata mapepala ambiri pamodzi ndi kuwaumitsa mu uvuni mpaka alimbe moti n'kuchekedwa ndi kupalidwa, ndipo kampani ya Jennens and Bettridge inadzatchuka ndi mabokosi akuda bii a mtundu umenewu, okongoletsedwa ndi golide ndi zigoba zonyezimira. Ku Tunbridge Wells amisiri ankamata timitengo tambirimbiri ta mitundu yosiyana kukhala mtolo umodzi, motsatira chithunzi, kenaka n'kumacheka mtolowo mopingasa, chidutswa chilichonse n'kutuluka ndi chithunzi chomwecho. Ku Scotland, ku Laurencekirk, Charles Stiven anatchuka ndi hinjesi yosemedwa m'thabwa lenilenilo, yothina moti mpweya sulowa. Amayi a m'mabanja olemera nawonso ankagula tibokosi tosakongoletsa n'kumapinda timizere ta mapepala amitundu, n'kutimata choimika kuti tipange maluwa. Ntchito imeneyi inali yotayitsa nthawi mwaulemu kwa atsikana amene sankaloledwa kugwira ntchito ina. Itakwana nyengo ya nkhondo za Napoleon, mafashoni anatembenukira ku zinthu zakale za Aroma ndi Aiguputo, ndipo tibokosi tinayamba kupangidwa m'maonekedwe a bokosi lamwala loikamo maliro, lokhala ndi timiyendo ta mkango. Anthu ankatunga chakumwa cham'mawa m'chifaniziro cha manda osaona chachilendo.

Ndiye pali funso la kumene zipangizozo zinkachokera, lomwe mabuku a okushoni amadutsapo mothamanga. Mahogany ankadulidwa ndi akapolo ku Jamaica ndi kugombe la Honduras, ndipo anachuluka ku England lamulo la 1721 litachotsa msonkho pa matabwa ochokera kumaiko olamulidwa ndi Britain. Shuga wa m'kambale kaja ankalimidwa ndi akapolo a kuzilumba zomwezo. Rosewood ankachokera ku Brazil. Tibokosi todula kwambiri tinkakutidwa ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja wa mtundu wa hawksbill, chomwe ankachifewetsa ndi kutentha n'kuchipanikiza mu nkhungu, nthawi zina n'kupaka utoto wofiira kapena wobiriwira kunsi kwake kuti uziwalira. M'mphepete mwake ankayalamo timizere ta mnyanga wa njovu. Ku Vizagapatam, kugombe la kum'mawa kwa India, amisiri ankapangira Angerezi mabokosi a sandalwood okutidwa ndi mnyanga, ojambulidwa mochita kukanda n'kudzazamo utomoni wakuda. M'zaka zomwezo amalonda a Chiyao ndi Chibisa ankanyamula minyanga kuchokera kuno kumtunda kwa nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Luangwa kupita ku Kilwa ndi kuchilumba cha Mozambique, komwe yambiri inkakwera zombo za ku India ndi ku Ulaya. Kabokosi kokwana m'manja awiri kankasonkhanitsa thukuta la makontinenti anayi.

Kabokosi kanabereka kanzake: supuni yaifupi yasiliva, yotakata, yoti ikwane m'chipinda cha masamba chivundikiro n'kutsekeka. Zambiri zinkasulidwa ku Birmingham, zina m'maonekedwe a chigoba, tsamba, dzanja, ngakhale chipewa cha wokwera kavalo wa mpikisano. Otolera amazikonda chifukwa siliva wa ku England amadzinenera yekha. Pa chinthu chilichonse pamadindidwa mkango wosonyeza kuti siliva ndi weniweni, chizindikiro cha mzinda (mutu wa kambuku ku London, nangula ku Birmingham), chilembo cha chaka, ndi zilembo za dzina la mmisiri. Kuyambira mu December 1784 anawonjezera mutu wa mfumu, wosonyeza kuti msonkho walipidwa. Msonkhowo unali wa Pitt yemwe uja, amene anatsitsa wa tiyi ndi dzanja ili n'kutola wa siliva ndi dzanja linalo.

Pitt anayesanso mawotchi, koma kumeneko anapsa zala. Mu 1797 analamula kuti wotchi iliyonse ya m'nyumba izilipira masheleni asanu pachaka, yam'thumba yagolide masheleni khumi. Anthu anabisa mawotchi awo, ena anasiya kugula, amisiri a mawotchi a ku Clerkenwell ku London anasowa ntchito, ndipo lamulolo linafafanizidwa chaka chotsatira. Mpaka lero mawotchi akuluakulu apakhoma a m'nyumba zogona alendo amatchedwa ndi dzina la lamulo limeneli, ngakhale kuti ambiri mwa iwo analipo kale lamulolo lisanabwere. Mawotchi ndi tibokosi zimapezeka m'mashopu amodzi chifukwa zinakulira limodzi: thabwa lomwelo, guluu yemweyo, luso lomwelo lomata. Chimodzimodzinso tibokosi ta fodya wofwenkha, ta zosokera ndi ta zolembera makalata. Wotolera akayamba ndi chimodzi sachedwa kugwera m'zinzake.

Chimene chinapha loko ndi kuchuluka kwa tiyi. Mu 1834 East India Company inataya ufulu wochita yokha malonda ndi China. Angerezi, atatopa kulipira siliva ku Canton, anali atapeza kale njira yoipa yobwezera ndalamazo pogulitsa mankhwala ozunguza bongo a opium ochokera ku India, zomwe zinabutsa nkhondo ya 1839 mpaka 1842. Njira ina inali yolima okha. Tiyi woyamba wa ku Assam anagulitsidwa pa okushoni ku London mu January 1839. Kuyambira mu 1848 Robert Fortune, katswiri wa zomera wa ku Scotland, anayenda m'zigawo za tiyi za China atavala ngati Mtchaina, n'kutumiza mbewu, mbande ndi amisiri okonza masamba ku India. Ku Ceylon James Taylor anadzala tiyi pa esiteti ya Loolecondera mu 1867, ndipo matenda atapha khofi wa pachilumbacho, minda inatembenukira ku tiyi. Kumbali ya ogulitsa, John Horniman anali atayamba kale kugulitsa tiyi m'mapaketi omata, oyezedwa kale, kuti wogula asaope masamba a ash. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 tiyi anali chakumwa cha wogwira ntchito m'fakitale, ndipo malo ake anali chitini chosindikizidwa zithunzi pashelefu ya kukhitchini. Chitini chinalibe kiyi.

Dziko lathu linalowa m'nkhaniyi loko atachoka kale. Mbewu zoyamba za tiyi zinayesedwa pa mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo mu 1891 mbewu zochokera ku mitengo ya pamishonipo zinadzalidwa ku Mulanje, chiyambi cha minda ya Lauderdale ndi Thornwood. Thyolo inatsatira, Satemwa inakhazikitsidwa mu 1923, ndipo m'zaka za m'ma 1930 tiyi anafalikira m'maboma awiriwa. Ambiri mwa othyola anali Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kukhala pamalo a maesiteti, kulipira malowo ndi ntchito ya thangata. Tiyi wotsika mtengo amene Mngerezi sankamukiyanso anali ndi womulipirira, ndipo wolipirayo anali m'mizere ya mindayo ndi dengu kumsana. Kampani ya Tetley itabweretsa timatumba toviika m'kapu ku Britain mu 1953, tiyi wa ku Malawi anapeza malo ake m'zosakaniza za m'timatumbamo chifukwa cha kufiira kwake kowala. Wakumwayo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti m'kapu mwake muli Mulanje.

Palinso kaulusi kena kolumikiza dziko lino ndi otolera. Edward Bramah, amene mu 1992 anatsegula nyumba yoonetsera mbiri ya tiyi ndi khofi ku Butler's Wharf, m'mbali mwa mtsinje wa Thames momwe zombo zinkatsitsira mabokosi a tiyi, anayambira ntchito yake pa esiteti ya tiyi ku Nyasaland mu 1950. Anatolera matipoti, makina ofulira khofi ndi ziwiya zina moyo wake wonse, ndipo ankadana poyera ndi timatumba toviika. Nyumbayo inatsekedwa iye atamwalira mu 2008.

Kutolera zosungira tiyi sikunayambire ku England. Ku Japan, m'zaka za m'ma 1500, timitsuko tadothi ta tiyi wa ufa, totchedwa chaire, tinkapatsidwa maina ngati anthu ndipo akuluakulu a nkhondo ankatilimbirana. Kena kotchedwa Tsukumo Nasu kanaperekedwa ndi Matsunaga Hisahide kwa Oda Nobunaga mu 1568 ngati chizindikiro chogonjera. Kanasweka pamene linga la Osaka linagwa mu 1615, ndipo Tokugawa Ieyasu analamula kuti zidutswa zake zifunidwe m'phulusa n'kulumikizidwa ndi utomoni wa lacquer. Kakadalipo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Seikado Bunko ku Tokyo. Ku England zinayenda mosiyana: tibokosi tinayamba tatayidwa kaye. Tinasanduka mosungira mabatani, makalata ndi malisiti, ndipo kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene olemera anayambanso kusirira mipando ya nthawi ya Chippendale, kuti ogulitsa zinthu zakale anatitulutsa m'zipinda zosungira katundu. Pulogalamu ya BBC ya Antiques Roadshow, imene inayamba mu 1979, inaphunzitsa mabanja wamba kuti kabokosi ka agogo kangakhale ndalama. Buku la Antigone Clarke ndi Joseph O'Kelly la 2003 lonena za mabokosi a pakati pa 1700 ndi 1880 ndi limodzi mwa amene otolera amadalira.

Pamene pali ndalama, achinyengo sasowa, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tibokosi tosemedwa m'maonekedwe a apulo, peyala kapena vwende, tomwe ambiri amakhulupirira kuti tinkapangidwa ku Germany ndi maiko oyandikana nawo, ndito timakopedwa kwambiri, chifukwa mmisiri aliyense wodziwa makina ozunguza thabwa angapange. Wogula wozindikira sayamba ndi kunja. Amatsegula n'kuyang'ana kachitsulo ka m'kati: ka zaka 200 kamakhala kothothoka, kosanduka fumbi lotuwa, kotsalira m'ngodya mokha. Kakakhala kosalala ndi konyezimira, wina wamatamo posachedwa. Amatembenuza kabokosi n'kuona pansi, ngati nsalu yobiriwira yomatapo yaperepeseka m'malo amene imakhudza tebulo. Amayang'ana zomangira za mahinjesi: zakale zinkasulidwa ndi manja, mzere wa pamutu pake sukhala pakatikati ndipo sizifanana. Thabwa limafota mopingasa osati motalika, kotero apulo wakale sakhalanso wozungulira bwinobwino, ndipo chivundikiro chake chimakhala ndi pamene chimagwira ndi pamene chimasiya mpata. Amanunkhizanso. Vanishi watsopano sabisika.

Pa mawotchi chinyengo chofala ndi chimene amalonda amachitcha ukwati: makina a wotchi ina kulowetsedwa m'bokosi la ina. Chimagwidwa ndi mabowo akale a zomangira amene sakugwirizana ndi chilichonse, kapena nkhope ya wotchi yosadzaza bwino pagalasi. Tibokosi ta tiyi natonso timakwatitsidwa: kambale kagalasi koyambirira kanasweka kalekale, ndiye amaikamo kena, timiyendo tinathyoka, amabwereka ta kabokosi kena. Otolera enieni amakonda chilema chosabisa kuposa kukonza kobisa. Kabokosi kamene kanapalidwa n'kupakidwanso vanishi kamatsika mtengo, ngakhale kuti kwa munthu wamba ndi kamene kakuoneka kokongola. Chimene amalipira ndi khungu lija lakuda, losalala, limene sera, utsi wa makandulo ndi zala zinasiya pang'onopang'ono. Kiyi woyambirira sapezekapezeka. Makiyi ambiri amene amagulitsidwa limodzi ndi tibokosi ndi ochita kusakira kuti alowe.

Malamulo oteteza nyama ndiwo agwedeza msikawu kwambiri m'zaka zaposachedwa. Pangano la maiko la CITES, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975, linaletsa malonda a pakati pa maiko a chigoba cha kamba wa hawksbill, ndipo mu 1989 linaletsanso a minyanga ya njovu za mu Africa, koma zinthu zakale zinali ndi mpata wake. Britain inatseka mpata waukulu ndi lamulo la Ivory Act la 2018, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 6 June 2022. Tsopano chinthu chokhala ndi mnyanga chingagulitsidwe ngati chinapangidwa lisanafike tsiku la 3 March 1947, mnyangawo uli wochepera 10 peresenti ya chinthu chonse, ndipo chalembetsedwa kuboma. Kabokosi kosakwanira pamenepo kamafunika chiphaso chapadera cha zinthu zosowa kwambiri. Wophwanya lamuloli angalipe chindapusa chofika mapaundi 250,000 kapena kukhala m'ndende mpaka zaka zisanu. Amalonda a zinthu zakale analitsutsa kukhoti, ponena kuti njovu imene inafa m'nthawi ya mfumu George III siingapulumutsidwe lero, koma anagonja. Mbali inayo inali ndi yankho lomveka kwa aliyense wodziwa zimene zinachitikira njovu za ku Kasungu ndi ku Luangwa m'zaka za m'ma 1980: mnyanga watsopano umadetsedwa, ena amauviika mu tiyi, n'kugulitsidwa ngati wakale. Chotsatira chake n'chakuti tibokosi tokutidwa ndi mnyanga thupi lonse, tomwe kale tinali pamwamba pa msika, tambiri tingasungidwe, kuperekedwa ngati mphatso kapena kusiyidwa ngati chuma chamasiye, koma osagulitsidwa. Pa timene tili ndi timizere tochepa chabe, ogulitsa ena amalembetsa n'kulipira mapaundi 20 a boma, pamene ena amakanganula mnyangawo n'kuikapo fupa kapena pulasitiki.